Wathyoka mwendo ali pa ntchito yongodzipereka kuno ku Johannesburg: apite kumudzi kapena achire kaye?

Nachisale (Turffontein):
Ndikupereka moni kwa nonse a pa gulu lino. Ndabwera ndi nkhani ya mwana wa achemwali anga, mnyamata wa ku Mulanje, amene anabwera kuno m'mwezi wa Epulo kudzagwira ntchito yongodzipereka pa malo ena osamalira ana amene mpingo umayendetsa chakummwera kwa mzinda uno. Salandira malipiro, koma amamupatsa pogona, chakudya ndi kandalama ka sopo. Sabata yathayi anagwa pa makwerero akupenta khoma la chipinda chophunziriramo, ndipo anathyoka mafupa onse awiri a pa kakolo wa mwendo wamanja. Madokotala amuchita opaleshoni ndi kumuika zitsulo, amumanga chikhakha, ndipo amuuza kuti asaponde pansi kwa masabata 6. Ndamutengera kwanga chifukwa chipinda chake cha kuntchito chili pamwamba ndipo sangathe kukwera masitepe.

Chimene chandivuta ndi chakuti viza yake ikutha kumapeto kwa Sepitembala, mayi ake akuimba foni tsiku ndi tsiku kuti ndimukweze basi abwerere kumudzi, ndipo eni malo aja, ngakhale akumuzonda mwaulemu, sananenepo kanthu za bilu ya kuchipatala. Amene mukudziwa za mafupa, za mapepala ndi za malamulo a dziko lino, ndithandizeni nzeru.

Bambo Mbewe (Mayfair):
Pepani kwambiri, Mayi Nachisale. Ine maganizo anga ndi ofanana ndi a mayi ake a mwanayo. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Kuno aliyense amalawirira ku ntchito, ndipo wodwala amatsala yekha m'nyumba yozizira m'mwezi uno wa Julaye, pamene kumudzi pali anthu omutungira madzi, omuphikira phala ndi omuthowa mwendowo m'mawa ndi madzulo. Inunso mumalipira lendi ndi magetsi, ndipo munthu wamkulu wongokhala amadya. Opaleshoni yachitika kale, chotsala ndi kudikira basi, ndipo kudikira angadikirire ku Mulanje. Ngati vuto ndi ndalama ya tikiti, tisonkhe pa gulu pano, ine ndiyamba.

Nabanda (namwino, Rosettenville):
Pepani Mayi Nachisale, ndipo mumuuze mnyamatayo kuti kuthyoka kwa mtundu umenewu kumapola bwino munthu akatsata malangizo. Bambo Mbewe, mtima wanu wofuna kusonkha ndauyamikira, koma pa nkhani ya basi ndikupemphani kuti mundimvere monga munthu amene ndimaona odwala otere. Basi yochoka pa Park Station imadzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete isanafike pa chipata cha Mwanza, ndipo ulendowo umadya usana ndi usiku mpaka kulowa tsiku lachiwiri. Pa chipata chilichonse okwera amatsika, kuima pa mzere wodindira mapasipoti mbali zonse ziwiri za malire, kenako nkukweranso. Munthu wa ndodo zoyendera amene waletsedwa kuponda sangachite zimenezi kopanda kuponda mwangozi kapena kugwa. Koma choopsa kwambiri si kugwa ayi. Mwendo umene wangochitidwa opaleshoni, uli m'chikhakha ndipo walendewera pansi pa mpando kwa maola ochuluka, magazi amatha kuundana m'mitsempha ya mkati mwa katumba, ndipo chibuma cha magazicho chikasuntha nkukatseka mitsempha ya m'mapapo, munthu amatha kumwalira mwadzidzidzi. Pakati pa Nyamapanda ndi Tete si malo oti zimenezi zimupezere mwana wa munthu.

Ndikufunanso kunena kuti si zoona kuti chotsala ndi kudikira kokha. Patatha pafupifupi masabata 2 chichitikireni opaleshoni, ayenera kubwerera kuchipatala kuti akaone bala ndi kuchotsa ulusi. Pa masabata 6 adzamujambula kuti aone ngati mafupa agwirana, ndipo chithunzi chimenecho ndicho chidzagamule ngati ayambe kuponda. Ndi bwino kuti masiku awiri amenewa amuone madokotala omwe anaika zitsulozo, chifukwa ndiwo akudziwa mmene mafupawo analili asanawalumikize.

Za kuthowa, ndikudziwa kuti makolo athu ankatero pa mwendo wobinya, koma apa pali bala la opaleshoni ndi zitsulo mkati. Madzi otentha amafewetsa chikhakha ndi kunyowetsa bala. Mphini ndiye zisayandikire nkomwe, chifukwa tizilombo tikalowa nkufika pa chitsulo, matenda ake ndi ovuta kuchiza ndipo nthawi zina amachititsa kuti munthu abwerere ku opaleshoni.

Mayi Nachisale, kunyumba muonetsetse izi. Akakhala kapena kugona, mwendo ukhale pa mapilo mokwera kuposa chifuwa kuti kutupa kuchepe. Azigwedeza zala za kuphazi pafupipafupi, azipinda bondo ndi kukweza mwendo wonse ali chigonere. Akamasamba akute chikhakha ndi pulasitiki, ndipo mkati mukamayabwa asalowetsemo waya kapena kamtengo. Popeza kukuzizira, asaike phazi pafupi ndi hita, pakuti zala zochita dzanzi zimapsa mwini wake osamva, ndipo mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka mazenera. Mukaona zala zikuda kapena kutuwa, ululu ukukula osamva mankhwala, thupi likutentha, kapena chikhakha chikununkha, musadikire tsiku lolembedwa pa khadi. Akayamba kubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa, itanani ambulansi poimba 112 pa foni ya m'manja kapena 10177 nthawi yomweyo.

Bambo Phiri (Braamfontein):
Mayi Nabanda alongosola za fupa, ine ndilankhulepo za mapepala, chifukwa tsiku limene likundidetsa nkhawa silili pa khadi la kuchipatala. Ngati mnyamatayu ali ndi viza ya ntchito yongodzipereka, imeneyo imaperekedwa pansi pa gawo 11 la lamulo loona za olowa ndi otuluka m'dziko lino la 2002. Malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu 2014 amati wofuna kuwonjezera masiku apereke pempho lake kutatsala masiku osachepera 60 kuti viza ithe. Viza ikutha kumapeto kwa Sepitembala, ndiye kuti khomo loperekera pempho likutsekeka kumapeto kwa Julaye womwe uno. Mapempho amaperekedwa kudzera ku VFS Global, kampani yolandira mapempho a viza m'malo mwa boma, ndipo mwini wake amayenera kuonekera, choncho pakufunika galimoto ndi munthu womuperekeza.

Anthu ambiri amaganiza kuti kalata ya dokotala idzawapulumutsa pa chipata akapyola masiku. Ofesala wa pa bwalo la ndege la OR Tambo kapena pa chipata cha Beitbridge amawerenga masiku a m'pasipoti, ndipo wopyola ndi masiku osapitirira 30 amaletsedwa kulowanso m'dziko lino kwa miyezi 12, pamene wopyola kuposa pamenepo amaletsedwa kwa zaka 5. Kalata ya dokotala imadzagwira ntchito pochita apilo, munthu ali kale kunja, ndipo yankho la apilo silifulumira. Ine ndikanakonda kuti pempho liperekedwe ngakhale mutakhala ndi chiyembekezo chakuti adzanyamuka viza isanathe, chifukwa fupa likachedwa kugwirana simudzakhala ndi mpata wina. Mutenge kalata ya dokotala yofotokoza za opaleshoni ndi nthawi yochira, komanso kalata ya eni malo aja yotsimikiza kuti akadali m'manja mwawo.

Pa nkhani ya bilu, tisiyanitse zinthu ziwiri. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino a 1996 limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chamwadzidzidzi, ndipo silikunena za nzika zokha. Koma kusakanizidwa si kukhululukiridwa malipiro. Zipatala za boma zimaika odwala m'magulu a H1, H2 ndi H3 potengera zimene amapeza, ndipo pali gulu lina la olipira mtengo wonse, limene alendo ambiri amaikidwamo. Pitani ku ofesi ya malipiro mukafunse gulu limene amuika, muonetse kuti salandira malipiro, ndipo mupemphe kulipira pang'onopang'ono molemberana.

Chowawa ndi chakuti wongodzipereka amagwera pakati. Lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito la 1993, limene anthu kuno amalitchula kuti COIDA, linalembedwera anthu olembedwa ntchito, ndipo ngakhale ogwira ntchito za m'nyumba analowamo mochedwa, khoti lalikulu loona za malamulo litagamula mu 2020. Munthu wosalandira malipiro nthawi zambiri sawerengedwamo. Komabe kandalama ka sopo kamene mwatchula, pamodzi ndi pogona ndi chakudya, ndi nkhani yoti loya aione, makamaka ngati ankapatsidwa maola ogwirira ntchito ndi womuyang'anira. Wits Law Clinic ndi Legal Aid South Africa amathandiza anthu opanda ndalama. Funsaninso eni malowo ngati ali ndi inshuwalansi ya anthu ovulalira pa malo awo, chifukwa mabungwe ena ali nayo koma amene amayendetsa ntchito ya tsiku ndi tsiku sakumbukira.

Bambo Mbewe (Mayfair):
Za magazi kuundana sindinkazidziwa bwino, ndipo za basi ndazisiya. Koma Bambo Phiri, zonse mwanenazi ndi ndalama: pempho la viza ndi ndalama, galimoto ndi ndalama, ndipo loya ngakhale waulere amafuna kuti umupeze ku ofesi kwake. Kodi ndege bwanji? Kuchoka pa OR Tambo kufika pa Chileka ndi maola awiri ndi pang'ono chabe. Ndikuona ngati tikulankhula ngati kuti ku Malawi kulibe madokotala a mafupa.

Achimwene Banda (Kempton Park):
Pamenepa Bambo Mbewe akunena zoona, ndipo ine amene ndinagwirapo ntchito ya mafizo ku Blantyre sindingalole kuti kwathu kunyozeke. Ku Queen Elizabeth Central Hospital kuli madokotala a mafupa, ku Blantyre komweko kuli Kachere Rehabilitation Centre, ndipo ku Lilongwe kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION pafupi ndi Kamuzu Central Hospital. M'zipatala za m'maboma muli ma clinical officer ophunzira za mafupa amene akhala akusenza ntchito imeneyi kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo kuchotsa chikhakha kapena kuwerenga chithunzi cha kakolo ndi ntchito yawo ya tsiku lililonse.

Chimene ndikufuna kuti muganizire ndi kumene mnyamatayu akakhale akafika. Ngati kwawo ndi kumudzi kotalikira ndi boma, kumene munthu amayenda pa kabaza asanapeze minibasi, ndipo chimbudzi ndi chonjuta kunja kwa nyumba, masabata osapondawa akamuvuta kwambiri kuposa kuno. Ntchito yeniyeni imayamba chikhakha chikachoka. Mwendowo udzatuluka wowonda chifukwa minofu yosagwira ntchito imafota msanga, kakolo adzakhala wouma, ndipo ambiri amadabwa kuona kuti ngakhale dokotala wawalola kuponda, phazi likukana kupindikira m'mwamba. Kupinda kumeneku ndiko kumalola munthu kutsika masitepe, kunjuta ndi kukwera phiri, ndipo wa ku Mulanje sangakhale wopanda zimenezi. Kumabwerera ndi mafizo a tsiku ndi tsiku: kukoka phazi ndi chitenje ali chikhalire, kulizunguza, kenako kuimirira pa zala atagwira mpando, kenako kuima ndi mwendo umodzi. Kutupa kwa madzulo kumatha kupitirira kwa miyezi ingapo, ndipo zimenezo zokha si chizindikiro chakuti china chalakwika.

Maganizo anga ndi akuti akhale kuno mpaka ajambulidwe pa masabata 6, aonane ndi a mafizo a chipatala chimene chinamuchita opaleshoni kangapo kuti aphunzire zoyenera kuchita, ndiyeno akwere ndege, osati basi. Asananyamuke atenge lipoti lotulukira m'chipatala, limene lamulo la zaumoyo la 2003 limati wodwala apatsidwe, zithunzi zonse za mafupa ngakhale zojambula pa foni, ndi pepala lofotokoza mtundu wa zitsulo zimene anamuika. Dokotala wa kwathu akadzafuna kuzichotsa m'tsogolo, pepala limenelo lidzamuuza zida zoyenera kukonza. A ndege muwauze pogula tikiti kuti akufunika njinga ya olumala pa bwalo.

Mkulu wa mpingo Mwale (Yeoville):
Ine ndikufuna kufunsa funso limene sitinalifunse: kodi mwanayu anatumidwa ndi ndani? Ngati anabwera ndi kalata ya mpingo wa kwawo kapena ya bungwe la achinyamata, ndiye kuti pali mbali ziwiri zimene zinagwirizana kuti abwere, ndipo sikoyenera kuti katundu yense agwere mayi ake aang'ono chifukwa chakuti ndiwo ali pafupi. M'mipingo yathu timatumiza achinyamata ndi pemphero ndi nyimbo, zimene ndi zabwino, koma kawirikawiri sipakhala pepala lonena kuti akadwala kapena kuvulala adzalipira ndani. Anzathu ochokera ku Ulaya akamabwera kudzadzipereka amabwera ndi inshuwalansi ya paulendo, pamene athu amabwera ndi chikwama ndi nambala ya foni ya mbale wawo.

Mayi Nachisale, musapite nokha kukalankhula ndi eni malowo, ndipo musayambe ndi mawu a khoti, chifukwa anthu akaopsezedwa amatseka pakamwa. Ndine wokonzeka kukuperekezani. Tikawapemphe kuti alembe zimene zinachitika tsiku limenelo pamene mboni zikukumbukirabe, anene amene anamutuma kukwera makwerero ndi ngati panali womugwirira, ndiyeno tikambirane zimene angathe kusenza. Ngakhale atalephera bilu yonse, galimoto yawo ingathe kumutengera kuchipatala, ndipo chakudya chimene ankadya kumeneko chingathe kubwera kwa inu.

Nangozo (Bez Valley):
Ine ndinavulalapo bondo pamene ndinkathandiza pa khitchini ina yophikira anthu osowa pokhala m'katikati mwa mzinda uno, ndipo ndikufuna kunena za mbali imene siioneka pa chithunzi cha dokotala. Munthu amene anabwera kudzathandiza ena zimamuvuta kwambiri kukhala wothandizidwa. Amachita manyazi kupempha madzi akumwa, amabisa ululu kuti asavutitse eni nyumba, ndipo amayamba kudziona ngati wakhumudwitsa amene anamutuma. Manyazi amenewa ndiwo amachititsa kuti munthu aponde msanga, adzikakamize kutsuka mbale ataima ndi mwendo umodzi, kapena avomere kukwera basi imene akudziwa kuti sangaikwanitse. Mayi Nachisale, mumuuze momveka kuti si mtolo kwa inu, ndipo mumupatse ntchito zimene angagwire atakhala, monga kusadzula masamba kapena kuthandiza ana anu homuweki. Ngati eni malo aja ali ndi kaundula wa ana wofunika kulowetsa mu kompyuta, amubweretsere. Mukaona kuti sakugona, sakudya, kapena wasiya kuyankha mafoni a anzake, musangoti ndi kuzizira.

Mphatso (Turffontein):
Makolo anga nonse, ndine mnyamata amene mukumukambayo, ndipo mayi aang'ono andilowetsa pa gulu kuti ndiwerenge ndekha. Ndathokoza kwambiri. Zimene anena Mayi Nangozo ndi zoona, pakuti ine ndi amene ndinauza mayi kumudzi kuti ndikufuna kubwerera, osati chifukwa ndikufunadi, koma chifukwa ndimaona mayi aang'ono akudzuka usiku kundikonzera zonse asanapite ku ntchito. Ana amene ndinkawaphunzitsa kuwerenga ndinali nditafika nawo pabwino, ndipo ndikanakonda kuwaonanso ndisanachoke. Ndili ndi mafunso awiri kwa Mayi Nabanda. Mankhwala amene anandipatsa atsala pang'ono kutha, ndipo mnzanga wandibweretsera ufa wopha ululu wa Grand-Pa, kodi ndingamwe? Komanso ndidye chiyani kuti fupa ligwirane msanga?

Nabanda (namwino, Rosettenville):
Mwanawe, Grand-Pa uyambe wamuika pambali. Mu ufa umenewo muli aspirin, paracetamol ndi caffeine. Ngati ukumwa kale Panado kapena mankhwala ena okhala ndi paracetamol, ukhoza kupyola muyezo osadziwa, ndipo munthu wamkulu sayenera kupitirira magalamu 4 pa tsiku chifukwa chiwindi chimawonongeka. Ngatinso anakupatsa mankhwala oletsa magazi kuundana, aspirin amawonjezera chiopsezo chotaya magazi. Tenga mapaketi onse amene uli nawo ukawaonetse kwa wa ku famase kapena kwa dokotala tsiku lochotsa ulusi.

Chakudya chofulumizitsa fupa kupyola nthawi yake palibe, koma chilipo chimene chimalilola kupola pa nthawi yake. Usipa, matemba ndi bonya ndi zabwino kwambiri chifukwa timadya ndi minga yomwe, ndipo amayi a kwathu amagulitsa kuno. Onjezera mazira, nyemba, mkaka kapena amasi (chambiko), nsinjiro ndi ndiwo zamasamba. Masana uzituluka kukaothera dzuwa, limene kuno silisowa ngakhale m'nyengo yozizira, chifukwa thupi limapanga vitamini D ndi dzuwa. Ngati umasuta fodya usiye, pakuti fodya amachedwetsa kugwirana kwa mafupa ndi kupola kwa bala. Pa masitepe a pakhomo, pokwera utsogoze mwendo wabwino, potsika utsogoze ndodo.

Bambo Mbewe (Mayfair):
Popeza mwini wake walankhula, ine ndilibenso mawu otsutsa. Ndalama imene ndinati ndisonkhe ya basi ipite ku pempho la viza. Koma mayi ake kumudzi wina awalankhule bwinobwino, chifukwa mayi akamva kuti mwana sakubwera amaganiza kuti tikuwabisira zoopsa. Muwaimbire pa vidiyo amuone akudya.

Nachisale (Turffontein):
Ndathokoza nonse. Madzulo ano tawaimbira achemwali anga pa vidiyo monga anenera Bambo Mbewe, ndipo avomera kuti akhale kuno mpaka ajambulidwe, bola aziwaimbira Lamulungu lililonse. A Mwale, ndikulemberani pambali kuti tipangane tsiku lokaonana ndi eni malo aja, ndipo kalata imene anabwera nayo kuchokera ku mpingo wa kwawo ndaipeza m'chikwama chake. Bambo Phiri, kalata ya dokotala tikaipempha Lachinayi pamene akupita kukachotsa ulusi, ndipo ndikufuna mudzaione tisanapite nayo ku VFS Global. Chimene ndikusowa tsopano ndi galimoto ya Lachinayilo, chifukwa ine ndili ku ntchito m'mawa ndipo pa takisi sangakwere ndi chikhakha chimenechi.

Achimwene Banda (Kempton Park):
Lachinayi ndikulowa ntchito masana, choncho ndikhoza kumutenga 6 koloko m'mawa kuti tikapeze mzere usanatalike. Mumukonzere khadi lake, pasipoti, mapaketi a mankhwala aja ndi pilo woti atsamiritsepo mwendo pa mpando wakumbuyo.